Mfuti Yatsopano ndi Mafuta a Nsatsi

Ine mpaka chaka chatha ndinkakhulupirira kuti mfuti ili ngati khanda, ukaidzoza mafuta ambiri m'pamene imasangalala. Musandiseke, anandiphunzitsa ndi malemu amalume anga, amene gogodela wawo, mfuti yachikale ija, ankamunyika mafuta a nsatsi mpaka ntchentche kumaterera. Gogodela ankapirira. Mfuti za masiku ano n'zonyada, ndipo ine ndinadziwira pa chimanga changa.

Munda wathu uli m'munsi mwa kaphiri kuno ku Zingalume, ndipo apusi a m'kaphirimo amauyesa wa agogo awo. Zaka zonsezi, chimanga chikayamba kukhwima, akazi anga aNambewe ndiwo ankalondera, kukuwa tsiku lonse mpaka mawu kusasa. Nditagulitsa nshawa ndinati basi, zokuwa zathera pomwepa. Ndinayenda ku boma mapepala onse n'kutheka, kenako ku Chipata, n'kubwerako ndi kamfuti katsopano kaja amati tutu. Kali ndi kachitsulo m'mbali ngati mpiringidzo wa chitseko. Ukawombera umakakokera kumbuyo, khoko la chipolopolo n'kudumpha lokha. Wogulitsa anandipatsanso kabuku ka Chizungu (ine sukulu ndinaisiya aphunzitsi atayamba kufunsa mafunso achipongwe), ndipo mapepala ake ndinaona kuti ngabwino kupichirira fodya.

Masabata atatu mfuti inkangodya nsatsi, m'mawa ndi madzulo, kunja ndi m'kati momwe. Mlendo akabwera ndinkaitulutsa, n'kuikhethemula yopanda chipolopolo kuti amve kuti khe! Ena ankapempha kubwereza. Ine si womana.

Tsiku lake linafika. Ndinakhala pachulu, apusi n'kutsika m'ndandanda ngati akupita ku tchalitchi. Ndinaloza wamkulu wawo, phaa! Chipolopolo chinapita ku Mozambiki. Apusi anabalalika, ine n'kukoka kampiringidzo kuti ndiikemo china. Kampiringidzo kanabwera, koma khoko linatsala m'kati, lili phee. Ndinakankha, kukoka, kukankha, kukokanso. Ayi ndithu. Ndinalitokosa ndi chikhadabo, chikhadabo n'kuthyoka. Apo n'kuti wamkulu uja atabwerera, akusenda chimanga uku akundiyang'ana ngati ndine amene ndalowa m'munda mwake.

Kunyumba ndinayamba ndi mpeni wa aNambewe wosendera maungu. Nsonga inathyoka. Ndinazula sipoko ku njinga n'kuiponya kukamwa kwa mfuti, koma inachepa, yonse inamezedwa. Ndiye ndinadula waya woyanikapo zovala (zovalazo ndinaziika bwinobwino pa mpanda, ngakhale mbuzi sizinagwirizane nazo). Wayayo anathandiza, khoko linagwa. Ndinathiramo nsatsi ina, poti ndinaona kuti vuto ndi kuuma. Kuwomberanso pa chitsa, khoko linakakamira kuposa poyamba.

Apa m'pamene ndinalakwa zenizeni. Kwathu alenje amati mfuti ikalumphidwa ndi mkazi imamangika. Ndinawaitana.

“ANambewe, posesa m'nyumba muja, mfutiyi simunailumphe?”

“Ndiilumphe bwanji poti mumagona nayo pamphasa ngati ndi mkazi wachiwiri?”

“Ndangofunsa.”

“Mwafunsa bwino. Ngati miyendo yangayi imawononga zinthu, kumunda sipondako, ingakuwonongereninso chimanga.”

Ndinayesa nthabwala. M'mawa mwake ndinanyamuka wapansi (njinga inali itayamba kuvina chifukwa cha sipoko ija) kupita kwa aZuze, mkulu wina amene anabwera kuno pothawa nkhondo ya kwawo. Mfuti amazidziwa, koma sazikonda. Ulendo wake ndi wa maola awiri. Anailandira, anaitsegula kuona ngati mulibe kanthu, kenako anainunkhiza.

“Achimwene, iyi mukufuna kuwombera kapena kukazinga?”

Anasolola kampiringidzo konse n'kundionetsa kutsogolo kwake kambedza kakang'ono ngati chikhadabo cha mpheta. Ndiko kamene kamagwira khoko m'mphepete n'kulikoka. Kanali katamatirira, nsatsi ndi fumbi zitasanduka ulimbo.

“Ndiye si kuti yalumphidwa?” ndinafunsa chapansipansi.

“Yalumphidwa ndi nzeru,” anatero, akutsuka ndi parafini ndi mswachi wakale.

Atayeretsa, anayang'anitsitsa pakhomo polowera chipolopolo n'kugwedeza mutu.

“Mumaikhethemula yopanda kanthu?”

“Mwina kamodzi.”

“Kamodzi?”

“Pa mlendo aliyense.”

Anandifotokozera kuti tutu imamenya chipolopolo m'mphepete, ndiye mukakhala mulibe kanthu kamsomali kake kamamenya chitsulo cha pakhomopo. Panali patatuluka kamlomo, ndipo ndi kamene kankaluma khoko. Zimenezo anati iwo sangakhudze, ndiitengere kwa okonza mfuti ku Chipata. Anandidyetsa chinangwa n'kundiperekeza mpaka pamsewu, akuseka okha.

Pobwerera ndinadzera kumunda. Sindinena zambiri. Mizere ya m'mbali mwa kaphiri inali mapesi okhaokha, makoko ali mbwee pansi ngati panali ukwati. Pusi mmodzi anandidutsa pafupi, chimanga china kukamwa china m'khwapa, osathamanga n'komwe. Ndinamuloza ndi mfuti, iye anangosintha khwapa.

Kunyumba ndinapeza aNambewe atatambalala pakhonde, akuluka tsitsi la mnzawo, miyendo yoopsa ija itapumula tsiku lonse. Madzulo titadya ndinayamba kupepesa mozungulira, ndikuyambira pa mbiri ya amalume. Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha, kenako anati:

“Abambo, apusi atuma mawu othokoza. Akuti mfutiyo musayerekeze kugulitsa, chifukwa chaka chino m'pamene adya atakhala pansi.”