Kampata Komwe Ndinakana Kutseka

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo andiyang'ane m'maso. Inu Che Saidi, ndakumvani bwinobwino mukuuza anzanu, mutu uli pamakina anu osokerawo, kuti Kambwiri ntchito ya pakompyuta anachita kumuthamangitsa. Kundithamangitsa ine? Ikani sizasi pansi mumve, chifukwa nkhani imeneyi mwaipotoza mokwanira pano pa Benga.

Nonse mukudziwa kuti ndinali mmisiri wosema mabwato ku Chia, ndipo m'bwato langa munthu ankakwera ndi banja lonse, mbuzi ndi apongozi omwe, osalowa madzi ngakhale dontho. Mitengo ikuluikulu itatha, asodzi n'kuyamba kuthamangira maboti a matabwa, ndinangokhala, kasemasema kanga kakuchita dzimbiri. Mwana wanga wamkazi wa ku Joni ndiye ananditumizira laputopu ndi sola, nati kunja kuli kampani yofuna anthu ojambula mano oikirira pakompyuta, munthu uli kwanu. Amakutumizira chithunzi cha m'kamwa mwa nkhalamba, usinini wokhawokha, iwe n'kukonza dzino lililonse pagalasipo, kulizunguliza, kulisalaza, ukatumiza makina awo kumeneko n'kuumba. Ophunzira amatha chaka akuphunzira zimenezi. Ine wa Sitandade 4 ndinayamba Lolemba, pofika Lachitatu kompyuta ndiyo inkafunsa nzeru kwa ine. Munthu woti wasema bwato angalephere dzino?

Netiweki kwathu inkagwira malo amodzi okha, pakatikati pa madzi a Chia, ndiye m'mawa uliwonse ndinkapalasa ndi dzanja limodzi, linali likujambula chibwano cha m'busa wa ku Ulaya, sola ili pamutu ngati chipewa, mwera ukukuntha, ndipo tsiku lina mvuu inayasamula pambali panga, ine n'kuona kuti dzino lake lakumanzere lapendama, ndinaliwongola pomwepo ndi kasemasema isanatseke pakamwa, mpaka lero ikandiona imandiperekeza kukafika padoko. Mukumva? Mano anga anatchuka mwakuti anthu a mano abwinobwino kumeneko ankapita kukazulitsa dala kuti alandire a Kambwiri.

Tsono chinautsa mkangano ndi ichi. Mano onse a m'zitsanzo zawo anali ogundana thithithi ngati matabwa a bokosi la maliro. Ndinawamvera chisoni. Kuno kwathu ndani sadziwa kuti kukongola kwa munthu kuli pa kampata ka pakati pa mano awiri akutsogolo? Mayi akunyumba, Nambewe, ndinawakwatira chifukwa cha kampata komweko. Anangoseka kamodzi padoko akutsuka mbale, ine n'kumenyana ndi amuna a midzi itatu, kuchokera ku Chia mpaka kwa Malengachanzi, wina mpaka lero akuyenda chammbali. Ndiye ndinati anthu awa akhala moyo wonse osalawako, kuukalamba kuno asangalaleko. Aliyense ndinkamusiyira kampata, muyeso wake njere ya mpunga wa kilombero kudutsa chogona. Sindinauze munthu. Inali mphatso yanga.

Atavala manowo, nkhalamba zonse za mumzinda wa ku Ulaya kuja zinayamba kuimba mluzu zikamalankhula, agalu n'kuthawa eni ake kumalondola anthu osawadziwa, sitima kumanyamuka nthawi isanakwane poti woyendetsa ankayesa amuimbira wezulo, mpira kumaima pakati wina ali pafupi kugoletsa, m'busa uja akati alalikire mbalame kumalowera pawindo kudzatera paguwa, ndipo azigogo oyendera ndodo anayamba kufunsirana, maukwati tsiku ndi tsiku mpaka belu la tchalitchi linang'aluka. Tsiku lopanda mphepo mluzuwo unkamveka mpaka kuno, inu munkati ndi mbalame za kumpunga. Mukumva, Che Saidi, kapena ulusi wakulowani m'khutu?

M'malo mondithokoza, bwana wanga anandiimbira pavidiyo. Anali mayi woonda, wamagalasi, wolankhulira m'mphuno ngati wamwa tsabola, dzina langa lomwe linkamukanika, ankati Khambuwili. Anati ndalakwitsa, nditseke mipata yonse pofika Lachisanu, apo ayi ntchito yatha. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti uku n'kukongola. Iye anagwedeza mutu, magalasi ali pansonga ya mphuno, nati kwawo chimenecho amachiwerengera ngati chilema.

Chilema. Mawu amenewo anandiwotcha kuyambira kuphazi. Ndinapalasa kubwerera kumtunda mwaliwiro loti netiweki inalephera kutsala, inangonditsatira pambuyo ngati utsi, bwato linadutsa doko n'kulima mzere m'munda wa chinangwa mpaka pakhonde. Ndinapeza Nambewe akuyanika makaka, ndinawauza kuti aseke pagalasipo mzunguyu aone chomwe akunyoza. Anachita manyazi, koma anaseka. Kampata kaja kanawala mwakuti batire inadzadza yokha.

Mayi uja anayang'anitsitsa, anamwetulira, kenako ananena mokoma mtima, ngati akupereka sadaka, kuti kampani ikhoza kuwatsekera mayiwa kwaulere.

Nambewe anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje n'kulowa m'nyumba. Ine ndinakalipa. Ndinakalipa mwakuti magalasi a mayi uja anagwa patebulo lake kutsidya la nyanja zonse, mapepala a muofesi yake anauluka, nkhuku za m'mudzi mwathu zinasiya kuikira sabata yathunthu. Ndinati: "Mayi, mano a anthu anu tsekani nokha ngati mukufuna azioneka ngati mpanda. A mkazi wanga musawatchulenso."

Lachisanu litafika sindinatseke ngakhale kamodzi. Ndinatsegula zonse zomwe zinali m'manja mwanga n'kukulitsa, njere ziwiri za mpunga m'malo mwa imodzi, n'kutumiza. Ndiye mundiuze, inu odziwa nkhani za eni, ndani anathamangitsa mnzake pamenepa? Zoona, Loweruka m'mawa kompyuta inakana kundilowetsa, ndipo kalata yawo inabwera, yaifupi ngati mchira wa mbuzi. Koma munthu amene wayamba kutukwana ndiye wachoka yekha. Musaseke, achimwene, simunamve zonse.

Sabata yonseyo Nambewe sanaseke, sanandilankhulenso. Ine ndinkati ndi chipongwe cha mzungu uja chikuwawawa, ndipo ndinkayenda m'mudzi chifuwa patsogolo, kuuza aliyense kuti ndataya ntchito poteteza ulemu wa mkazi wanga. Dzulo masana tikudya, ndinawauza kuti asadandaule, bola ndili moyo palibe adzakhudze kampata kawo. Anasiya kudya, anatola kamtengo n'kuyamba kutokosa pakati pa mano paja, akundiyang'ana.

"Bambo, munandifunsapo ine? Chikwatiwire changa minga ya usipa imandikola pomwepa, nkhama zimatupa, inu muli kalikiliki kuyamikira. Munthu wabwera kuti anditsekere kwaulere, inu n'kumutukwana. Ntchito mwataya, mwayi wanga mwatayanso."

Ndipo poti mukufunitsitsa kudziwa chomwe ndakhalira pabenchi pano kuyambira m'mawa, laputopu ili m'jumbo, ndikudikira aphunzitsi a Banda aweruke kuti andilembere kalata ya Chingerezi yopepesa, yofunsanso ngati zaulere zija zikadalipo. Nambewe ndiwo andituma, ndipo anena kuti ndisabwerere kunyumba isanapite. Kalatayo ipita. Koma pansi pake aphunzitsi alembe kuti wojambula mano a Nambewe ndikhale ine, palibenso wina, ndipo ndikulumbira pamaso panu nonse kuti ndisiyapo kampata, ngakhale kongodutsa tsitsi limodzi, koti Nambewe sadzakaona koma ine ndizidziwa kuti kalipo.