Nsalu ya Apongozi pa Makina a Makalata

Pali nkhani zimene munthu amazisunga pansi pa mphasa mpaka imvi zitamera, ndipo iyi ndi imodzi mwa izo. Ndikuiulula lero chifukwa ambiri amene akanandiseka anatsogola, ndipo otsalawo mano anawathera.

Zinachitika chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene sunkalowa mumsika wa Songani popanda khadi m'thumba. Ndinali kalaliki pa kampani ina yogula mpunga, pa depoti yake ya kufupi ndi sikimu ya Likangala, kumene mphepo ya ku Chilwa imafika ndi fungo la matope ndi matemba. Chaka chimenecho kampani inatibweretsera kompyuta yotumizira makalata. Linali bokosi lotuwa lokhala ndi galasi pamwamba, lolumikizidwa ku chingwe cha lamya. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, bokosilo linkaimbira lokha linzake la ku likulu ku Blantyre, n'kulira ngati kamwana ka nkhumba kogwidwa mwendo, kenako n'kupereka makalata athu n'kulandira a kumeneko. Oitanitsa malole, opempha matumba, onse ankadzera mmenemo. Woyang'anira ndinali ine (abwana ankabwera Lachisanu lokha, ndipo makinawo ankawazungulira patali).

Mmisiri amene anadzawaika, a Likaka, anandisiyira malamulo awiri.

"Osalembamo za ndale, sitidziwa amene amatchera khutu pa chingwepa. Ndiye timabowo ta kumbuyotu, achimwene, ndi mphuno zake. Osatseka."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wakumva. Zoona zake, mutu wanga unali kwa Estere.

Masiku amenewo ndinkakhala ngati ndili m'tulo maso ali gwa. Masana nyanja inkanyezimira mpaka chilumba cha Chisi n'kumaoneka ngati chachoka pamadzi, chikuyandama m'mwamba, ndipo ine pa zenera ndinkamanga kumeneko nyumba yanga ndi Estere, ya khonde mbali zonse, n'kudzalanso ndimu pabwalo. Chotsala chinali chimodzi basi. Chinkhoswe sichikanachitika popanda mawu a amalume ake, a Namakhwa, amene ankayendetsa lole ya kampani yathu yomweyo ku Blantyre. Kalata ya ku positi inkatha masabata isanafike kwathu kunyanja. Apa ndi pamene pakamwa panandipereka.

"Kawauze amayi asavutike," ndinatero kwa Estere. "Makina anga afikitsa mawu lero lomwe. Yankho mawa."

Lolemba kalatayo inapitadi.

Tsopano muwadziwe apongozi anga. Ankagulitsa zitumbuwa kwa alimi obwera kusikelo, pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndendende ndi zenera langa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mwambo mukuudziwa. Sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana, ndipo tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'thengo ngakhale muli minga. Mawu athu onse ankadzera mwa Estere.

Lachiwiri, makina ataimba kale popanda yankho, Estere analowa mu ofesi ndi kamtolo, n'kugwada.

"Amayi akuti mthenga wa ukwati satumidwa wamaliseche. Akuti mumuveke."

Inali nsalu yoyera yochindikala, yopetedwa maluwa ofiira ndi nkhunda ziwiri zogundana milomo. Kuyambira tsiku limene makinawo anafika, mayiwo ankawayeza ndi maso pa zenera, ndipo anaisoka ngati chophimbira pilo. Inakwana thi, kutsogolo kusiya galasi lokha, kumbuyo kutseka timabowo tonse. Mawu a Likaka anandidutsa m'khutu. Ndinayang'ana kunja chammbali, n'kuona duku la apongozi litaloza kwa ine. Mphatso ya apongozi amaikana ndani? Ndinawomba m'manja kuthokoza, mokweza kuti zimveke mpaka pa mango.

Unali Okutobala, ndipo denga linali la malata.

Lachitatu, 11 koloko itangodutsa, makina anakomoka. Zilembo zinangoima pagalasi, batani lililonse osayankha. Nthawi yoimba inakwana, kamwana ka nkhumba kaja zii. Madzulo apongozi atanyamula dengu lawo ndinavula nsalu ija, ndipo bokosilo linali lotentha moti ukanaphikapo dzira. M'mawa linadzuka bwinobwino. Duku litangotulukira pamsewu ndinalivekanso, ndipo 11 koloko linakomokanso. Vuto linali loti linzake la ku Blantyre linkadikira masana okha, nthawi yomwe dzuwa ndi apongozi onse anali pantchito.

Musaganize kuti sindinkadziwa chovuta. Ndinkadziwa, koma ndinkakana kudziwa. Ndinayesa kumunong'oneza Estere, iye n'kunditong'olera maso.

"Iii, mukufuna ine ndikawauze amayi kuti nsalu yawo yakanidwa? Masabata atatu akupeta! Kawauzeni nokha."

(Ankadziwa bwino lomwe kuti sindingathe.)

Ndiye ndinayamba kuchiza matenda ena onse kupatula enieniwo. Poyamba ndinabwereka lichero, n'kumakupiza makinawo kuyambira 10 koloko ngati mayi woyatsa mbaula. Anakomoka. Tsiku lotsatira ndinaviika ziguduli m'madzi n'kuzipachika pakhomo, pansi pa tebulo n'kuikapo beseni lodzaza. Mu ofesi munazizira pang'ono, achule awiri anasamukiramo, makina anakomoka ndithu. Lachisanu abwana atafunsa chifukwa chimene matumba a mpunga anali kuunjikana mpaka pakhonde lole osabwera, ndinawauza molimba mtima kuti vuto lili pa chingwe. Nsaluyo iwo anaiyamikira, ati ofesi yayamba kuoneka ya anthu.

Bodzalo ndinafika polikhulupirira ndekha. Ndinayamba kuyenda m'mbali mwa mitengo ya lamya ndi nsungwi yaitali, kuthamangitsa anamzeze amene ankatera pa chingwe, poganiza kuti mwina mawu a amalume akukanika kudutsa pansi pa mapazi awo. Ndinkaika khutu pa mtengo uliwonse. Mumamveka kulira kwapansipansi kosalekeza, ndipo dzuwa litakuwomba mokwanira umamvamo chilichonse chimene mtima wako ukufuna. Ine ndinkamvamo nthungululu. Alimi ankaimika makasu m'minda n'kumandiyang'ana mwachisoni.

Mukufunsa kuti bwanji sindinangowaimbira lamya amalumewo? Lamyayo inali ndi kaloko, ndipo kiyi ankayenda naye abwana. Inkangolandira. Ndipo inaliradi, sabata yachiwiri, mawu aukali ochokera ku likulu: "Makina anuwo atani?" Ndinati akudwala. Anati atumiza munthu.

Lachinayi lake Estere anabwera maso ali ofiira.

"Amayi akuti munthu wamkulu akakhala chete chonchi ndiye kuti wakana. Akuti likadutsa Lamulungu ayamba kumvera za aphunzitsi aja a kwa Kuntumanji."

Aphunzitsiwo, amene nawonso ankamufuna Estere, anali ndi njinga yatsopano ndi nsapato ziwiriziwiri. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinaopa kuposa mmene ndinkaopera anyamata ofunsa makhadi. Nyumba yanga ya pa Chisi ija ndinaiona ikumira, ndimu ndi khonde lomwe. Komabe m'mawa mwake nsalu ndinaivekanso.

Loweruka, cha m'ma 10 koloko, lole inaima pabwalo. Anatsika a Likaka ndi kachikwama kawo. Mbali ya dalaivala anatsika bambo wamtali atavala suti yakuda ndi taye, dzuwa lonselo. Sindinawadziwe mpaka pamene apongozi anafuula, "Achimwene!" n'kutaya chitumbuwa.

A Likaka sanatsegule n'komwe chikwama. Anaima pakhomo, kuyang'ana beseni, lichero, achule, kenako makina. Anayandikira, n'kunyamula nsaluyo ndi zala ziwiri. Tinadikira. Dzuwa litafika paliwombo kamwana ka nkhumba kanalira, ndipo makalata a masiku khumi ndi limodzi anayamba kutuluka pa pepala lalitali mpaka kufika pansi. Amalume anang'amba gawo lawo n'kuliwerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"Ndavomera. Ndibwera Loweruka la sabata yamawa. Konzekani." Anapinda pepalalo. "Ndiye ine ndavala suti, achimwene, kubwera ku chinkhoswe chimene ngakhale nkhuku sizikudziwa. Anaphimba makinawa ndani?"

Pa zenera panali duku. Apongozi anali atafika pafupi kuposa kale lonse, ndipo ndinkamva kupuma kwawo. A Likaka nsalu ikadali m'zala.

"Ndine, bambo," ndinatero. "Ndinaona ngati fumbi lachuluka."

"Nsaluyi munaitenga kuti?" anafunsanso amalume.

"Ndinagula ku Songani."

Amalume anailandira, n'kuitambasula. Anayang'ana nkhunda ziwirizo nthawi yaitali. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti mapilo onse a kunyumba kwawo ku Blantyre anali ndi nkhunda zomwezo, yakumanzere ya diso limodzi lalikulu.) Anandiyang'ana, anayang'ana pa zenera, ndipo masharubu awo anagwedezeka pang'ono. Anatuluka panja n'kulankhula ndi mlongo wawo mokweza, kuti ndimve.

"Chemwali, mkamwini wanuyu nzeru zake n'zapatali, ndipo bodza salitha. Koma munthu wololera kupsa yekha kuti inu musachite manyazi simumupeza kawiri. Gwirani nkhuku."

Chinkhoswe chinachitika mawa lake, cha nkhuku ziwiri ndi mpunga wobwereka. Kalata yondichenjeza kuchokera ku likulu inabwera Lolemba kudzera m'makina omwewo, ndipo ndinaisindikiza ndekha, n'kuipereka kwa abwana Lachisanu kuti andipatse.

Apongozi anakhala nafe zaka zambiri, mpaka tinazolowerana n'kumadyera pa mphasa imodzi, koma nkhani ya nsaluyo sanaitchulepo ngakhale kamodzi, inenso ayi. Atamwalira, Estere anaipeza m'sutikesi mwawo itachapidwa n'kupindidwa bwino. Anaiyala pa wailesi ya kanema ya pabalaza pathu, kutseka kumbuyo konse. Wailesi imene ilipo panoyi ndi yachitatu. Wokonza wa ku Songani amandifunsa ulendo uliwonse kuti kodi kunyumbako timaiphimba, ndipo ine ndimamuuza kuti vuto ndi magetsi.