Malaya Osachapa a Bambo Thukuta

Tauni yonse inkadziwa kuti Bambo Thukuta sachapitsa malaya nyengo yotentha ikafika. Sikuti sopo ankasowa, ndipo akazi awo anali mayi waukhondo woti ngakhale tsache ankalitsuka. Vuto linali agulugufe. Chaka ndi chaka, dzuwa likayamba kuswa mtengo, bambowa ankakwera phiri ndi kagulu kowerenga mitundu ya agulugufe, ndipo ankalumbira kuti tizilomboti timakonda mchere wa m'thukuta. Ankangokhala pamwala wawo, atavala malaya achikasu omwewo, agulugufe n'kumatera okha pamsana, anzawo n'kumawerenga atatseka mphuno.

Kumusi kuno ndiye kunali mavuto. M'minibasi kondakitala ankawapatsa mpando wa pawindo mwaulemu wonse, ngati bwana. Wometa ankatulutsa mpando panja, amvekere kunja n'kowala bwino. Iwo ankaona ngati ndi ulemu, ndipo ankathokoza.

Amene ankasenza mtanda weniweni anali mayi a kunyumba. Chaka china anatopa nazo, nawaviika malayawo m'madzi otentha bambo ali kosamba. Atatuluka n'kuwaona ali pachingwe, akununkhira sopo, bambowa anakhala pansi ngati alandira uthenga wa maliro.

"Mayi, mwachapa ntchito ya miyezi iwiri."

"Ndachapa kuti mphuno zanga zipumeko. Nanga munakwatira ine kapena gulugufe?"

"Gulugufe sadandaula."

Chaka chimenecho chiwerengero chinatsika, ndipo bambo anauza aliyense wowafunsa, ngakhale wosawafunsa, kuti mitundu ina yathawa phiri chifukwa cha sopo wa akazi awo. Kuyambira pamenepo anagwirizana kuti malayawo azigona m'ndowa yovundikira kuseri kwa chitseko, ndipo banja linapulumuka.

Bambo Thukuta anamwalira nyengo yotentha itangotha, chifuwa chitawagwira masiku ochepa chabe. Malaya anatsala m'ndowa muja osachapa. Mayi amene analimbana ndi fungo limenelo ukwati wawo wonse anayamba kuvundukula ndowayo m'mawa uliwonse, n'kuweramira m'menemo. Mwana wawo wamkazi anawapempha kuti awachape kapena awataye, koma iwo anakana. Zithunzi zinalipo, nsapato zinalipo, koma amuna awo enieni anali m'ndowamo. Chimene chinkawaopsa n'chakuti mwezi ndi mwezi fungolo linkachepa.

Kutayambanso kutentha, mtsogoleri wa kagulu kaja anadutsa kudzawaona, nanena kuti mawa akukwera, koma sakudziwa kuti pamwala paja akapayang'ana bwanji. Mayiwo anati apita nawo. Ankafuna kudziwa ngati m'malayamo munatsala kanthu, ndipo agulugufe okha ndi amene sakanawanamiza.

Anali asanakwerepo phirilo. Anafika pamwamba akupuma movutikira, bulauzi itanyowa, akudandaula kuti munthu wanzeru sangamabwere kuno chaka chilichonse. Anayala malayawo pamwala, onse n'kuyamba kudikira. Agulugufe ankadutsa, oyera, akuda, amawangamawanga. Mmodzi anatera pakolala, natambasula mapiko, n'kunyamuka. Ena onse sanapatuke n'komwe.

Mayiwo anatola malayawo n'kununkhiza. Munkangomveka fumbi ndi dzimbiri la ndowa. Pamenepo ndiye analira, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, chifukwa anadziwa kuti tsopano amuna awo apitadi.

Kamphepo ka pamwamba katayamba kuwazizira pamsana ponyowapo, anavala malayawo pamwamba pa bulauzi, nakhala pamwala paja atazolika. Patapita kanthawi, mtsogoleri uja ananong'ona kuti asagwedezeke. Paphewa panali gulugufe wabuluu, wina pamkono, ndipo ena ankazungulira kufuna malo. Thukuta la mayiwo linali litalowa m'nsalu.

"Mwaona zimene mwandisiyira, bambo?" anatero mayiwo, osatembenuka. "Anzanu amasiyira akazi awo nyumba."

Masiku ano mawindo a minibasi amakhala otseka ndipo wometa amameta m'nyumba. Tauni ikununkhira bwino, koma palibe amene wasangalala nazo. Madzulo a tsiku limene mayiwo anakwera phiri lija, mwana wawo anawatengera sopo ndi beseni kuti awachapire malaya aja. Mayiwo anawapinda, nawaika m'ndowa, n'kuvundikira.

"Asiye, mwanangu. Nyengo yangoyamba kumene."