Denga la Sola la a Thombozi

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo amene wayamba kale kuseka kumbuyoko ayambe wamva kaye. Ena adzakuuzani kuti ndi wamakedzana. Asiyeni. Mwini wake ine ndikumudziwa, ndipo khosi lake mpaka lero silitembenuka bwino.

Kufupi ndi msika wa Kampepuza kunali a Thombozi, bambo amene atapuma pa udalaivala anamanga nyumba yodabwitsa. Makoma ake anali okhuthala, a njerwa zosawotcha, moti kukatentha m'katimo munkazizira ngati mumtsuko, kukazizira munkafunda. Madzi a mvula ankatsikira m'thanki. Mbaula ya akazi awo, mayi Nasibeko, inkapsetsa nyemba ndi tinkhuni tongodzaza dzanja, ndipo magetsi anali a dzuwa. Nyumbayo inali yabwino, tisaname. Choipa n'chakuti inawalowa m'mutu eni ake.

"Nyumba yanga njodzidalira," ankatero a Thombozi. "Wamakala sindimudziwa, kumjigo sitipondako. Nanga munthu ndimufuniranji?"

Tsiku lina a Dzimbiri, oyandikana nawo nyumba, anamanga nkhokwe. Mwambo wake mukuudziwa: denga amalimangira pansi, likatha amuna a m'mudzi amadzalikweza, mwini wake n'kutulutsa thobwa. A Dzimbiri anapita kukaitana mnzawo.

"Achimwene, tabwerani mudzagwireko mbali imodzi."

"Pepani a Dzimbiri. Ine denga la munthu sindisenza, ndipo langa silidzasenzedwa ndi munthu."

"Zikomo, tamva," anatero a Dzimbiri, n'kubwerera kwawo.

Tsono mapanelo a sola aja, mmisiri anati awaike pamwamba pa nyumba. A Thombozi anakana, ati kumwambako akawaona ndani? Anamangitsa kachisakasa ka denga laudzu lozungulira m'mphepete mwa msewu, n'kumangirira mapanelowo pamenepo, kuti aliyense wopita kumsika aziyamba wawasirira.

Zinthu zinayenda bwino mpaka mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndaziona, anapeza banja. Chinkhoswe chinagwa m'mwezi wa Juni. Anapha mbuzi ndi nkhuku mofulumira, poti m'nyumba munali firiji. Koma mu Juni dzuwa limayenda chopendekera kumpoto, ndipo mthunzi wa mtengo wa mapeyala wa a Dzimbiri unayamba kugona pa mapanelo aja. Batire inafooka, firiji n'kuyamba kubuula ngati wodwala malungo.

"Bambo a Ndaziona," anatero mayi Nasibeko, "nyamayi ikayamba fungo, akuchimuna mawa tiwapatsa chiyani? Kaitaneni a Dzimbiri ndi anzawo akuthandizeni kusamutsira dengali kuseri, kuli dzuwa."

"Ndikapemphe? Ndi pakamwa pomwepa?"

"Pomwepo. Muli ndi pena?"

A Thombozi anadikira kuti mayiwo ndi mwana wawo apite kuchigayo, basi iwo kuseri kwa nyumba, n'kuzika nsanamira zatsopano. Atatha anamasula denga lija, napota nkhata ya chitenje cha akazi awo, nakwera pa mtondo umene anaugubuduzira pakati pa chisakasa, mutu n'kuulowetsa pansonga penipeni. Anakankha, nakankhanso. Denga linanyamuka!

Mtima wawo unati myaa. Anatsika pamtondo mwaulemu, n'kuyamba ulendo, akudandaula kuti palibe wowaona. Koma anaiwala waya wopita ku batire. Wayayo anakoka kumbuyo, mwera unakankha kutsogolo, ndipo mawondo a mkuluyo anagwirizana zopuma pantchito nawonso. Denga linatsika phi! n'kuwavindikira ngati nkhuku m'dengu. Waya anazuka, m'nyumba firiji inangoti zii.

M'katimo munali mdima ndi fumbi la udzu. Anayesa kunyamula ndi msana, ayi ndithu. Kumsewu kunkadutsa anthu.

"Taonani, a Thombozi atsitsa sola. Kapena akuyanika?"

A Thombozi anagwira mpweya, kuyetsemula komwe anakumeza. Manyazi anawagwira kuposa ululu wa khosi.

Mayi Nasibeko atabwera anapeza denga lili pansi, mwamuna kulibe. Kenaka udzu unanong'ona.

"Nasibeko! Psii, Nasibeko!"

"Mayo ine! Mukulankhulira kuti?"

"Muno. Tanyamulani mbali imodzi, koma musaitane munthu."

Mayiwo anagwira, nakoka, denga osasuntha. Atamva kuti mwamuna wawo sanathyoke paliponse, anatenga mpando n'kukhala pambali.

"Mwati ndisaitane munthu, sindiitana. Nyumba ino njodzidalira. Ndingokuuzani kuti firiji yayamba kudontha madzi, ndipo ntchentche yobiriwira yafika kale kudzaona malo."

M'dengamo a Thombozi anaona m'maganizo mwawo ankhoswe akuchimuna akununkhiza mbale n'kuyang'anana. Anaona Ndaziona atawerama pamphasa, misozi ikugwera pa chitenje chake chatsopano. Mwanayo ankamukonda kwambiri, ndipo chisoni chinawagwira. Anakoka mpweya wonse umene unatsala.

"A Dzimbiriii! A Dzimbiri, thandizeni!"

A Dzimbiri anabwera ndi amuna a m'mudzi, osathamanga ayi. Anaima pafupi ndi dengalo n'kuwomba m'manja.

"Odi kuno, m'nyumba yodzidalira!"

"Lowani... ayi, nyamulani, achimwene!"

"Tinyamule chiyani? Paja denga ili silisenzedwa ndi munthu."

"Anali mawu a munthu wokhuta amenewo, a Dzimbiri. Chitirani mwana, musachitire ine."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti, koma anagwira ntchito. Uyu apa, uyu apo, "Tiyeni nalo!" denga linakwera m'mwamba ngati chipewa, ndipo a Thombozi anatuluka chokwawa, nkhata ikadali pamutu. Amuna aja analikhazika pa nsanamira za kuseri, waya analumikizidwa, firiji n'kuyambanso kuyimba. Nyama inapulumuka. Mayi Nasibeko anatulutsa thobwa la chinkhoswe, nawapatsa onse.

M'mawa mwake akuchimuna anadya nakhuta, ndipo anapita akuyamikira kuti apongozi awo ndi munthu waulemu wake, sacheukacheuka. Sanadziwe kuti khosi linali litauma.

Kuyambira pamenepo mafoni a mudzi wonse amatchajidwa kwa a Thombozi, ndipo kukamveka kuti kwinakwake akukweza denga, woyamba kufika amakhala iwowo. Amagwira m'mbali, pakati safikapo. Mnyamata wina wamatama akati, "Ndisiyeni, ndinyamula ndekha," a Thombozi amatembenuka thupi lonse, poti khosi lokha limakana, n'kumuuza kuti:

"Mwana wanga, ine ndinayesa ndi nkhata yomwe. Mutu umodzi susenza denga."