Nsidze za Apongozi Anga

Anzanga, mtima wabwino wopanda nzeru ndi woopsa, ndikuuzeni. Chinali chaka chija matipate atangoyamba, aliyense wasanduka katswiri pa chilichonse, ine ndili pachikamwini ku Malomo. Apongozi anga aamuna, a Mbewe, mkulu wa mpingo wa ndevu zosamalika bwino, anadwala chibayo n'kugonekedwa kuchipatala. Ana awo aamuna onse ali kutauni, ndiye wowadikirira ndinali ine. Mumtima ndinati apa mpomwe ndionetse kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru.

Kuchipatalako anawaveka chimasiki chopumira chija, chothina pamphuno ndi m'masaya. Anesi anayalapo kansalu kofewa pamwamba pa mphuno n'kundiuza kuti, "Bambo, masikiyi ikakhalitsa imadya khungu mpaka chilonda. Kansaluka kakasuntha mundiitane."

Mundiitane? Ine, munthu womanga mabelo a fodya osamasuka mpaka ku Lilongwe? Masana kansalu kanasunthadi, anesi ali kuwodi ina, mpukutu wa pulasitala uli poteropo pathebulo ukungondiyang'ana. Ndinakweza masiki pang'ono, kansalu ndinakataya poti kanali kochepa, ndiye ndinayamba kumata. Pamphuno, phatika! Ndinaona kuti masaya nawo angatuluke zilonda, phatika! Nanga chipumi ndichisiye? Ndinadutsa pansidze pomwe, n'kutsikira kundevu, kumata mokhathamiza ndithu. Nkhalamba inkangondiphethira maso, ine n'kumati ikuthokoza.

Ndikubwezera masiki, eee, yakana kukhala! Mpweya ukungotulukira m'mbali kuti fyoo, apongozi ayamba kubanika, chifuwa chikukwera n'kutsika. Anesi polowa anangokuwa, "Mayo ine! Mwawakulunga ngati katundu bwanji? Dikirani nditenge madzi tinyowetse kaye!"

Kodi munthu wamantha amamva? Ndinagwira nsonga ya pulasitala n'kukoka kamodzi, kwee!

Munthu amene masiku atatu ankalephera ngakhale kunong'ona anakuwa "Akamwiniii!" mpaka odwala a panja anasuzumira pawindo. Ndikayang'ana m'manja mwanga, nsidze zonse ziwiri zili papulasitala, zandanda bwinobwino, pamodzi ndi theka la ndevu.

Anesi anawaveka masiki moyenera, mpweya unabwerera, ndipo patatha sabata apongozi anatuluka m'chipatala. Pamphuno popanda kachilonda ngakhale kamodzi, izi ndiye muzindiyamikira. Koma nkhope yopanda nsidze, abale, imaoneka yodabwa nthawi zonse. Ataima kutsogolo kutchalitchi Lamulungu lotsatira, aliyense amene anawayang'ana ankaganiza kuti amva za machimo ake. Amayi awiri anakalapa okha osafunsidwa.

Madzulo ake anandiitana pakhonde n'kunena mofatsa, "Akamwini, ndikadzadwalanso, inu muzikhala kunyumba kuno n'kumandipempherera. Mapemphero sazula kanthu."

Chichokereni tsikulo, ndikamakazonda wodwala ndimanyamula nthochi manja onse awiri, kuti pasatsale dzanja lothandizira.