Bulanchi ya Anthu Atatu

Lolemba, 20 Disembala

Nthawi yathu ku ofesi ya kazembe kuno ku Amereka yatha. Januwale tikubwerera ku Lilongwe, ine ndi bambo a Yamikani. Yamikani akutsala, sukulu yake ku College Park sanamalize. Ndiye Khirisimasi ino ndikufuna chinthu chimodzi basi: mmawa wa Loweruka, tebulo limodzi, anthu atatu, ndimuone mwana wanga akudya. Iye akuti chakudya chammawa chodyedwa mochedwa kuno amati bulanchi. Kwathu timati ulesi, koma chabwino.

Zofunika: mazira, masoseji, mandasi, ndi tiyi wa ku Thyolo amene ndakhala ndikubisa kuseri kwa ufa. Bambo ndawachenjeza kuti asauze munthu za ulendo wathu.

Lachiwiri, 21 Disembala

Bambo auza munthu "mmodzi yekha" kutchalitchi. Munthu mmodziyo ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo ali ndi foni.

Masana andiimbira Mayi Tembo okhala ku Greenbelt, a ku Zambia amene timaimba nawo kwaya. "Amake Yami, namvela muyenda kunyumba! Nili na kapaselo kang'ono chabe ka amai ku Chipata. Ni pafupi na Mchinji." Ndati bweretsani. Nanga ndikanatani? Chaka chatha iwowa anandinyamulira nsapato za achemwali.

Lachitatu, 22 Disembala

Kapaselo kafika: mphika wamagetsi wophikira mpunga ndi majekete awiri.

Foni siyikupuma. Zina zomwe zili m'njira: mafuta odzola, mavitamini a gogo wina wa ku Ntcheu, foni yakale, wigi, suti ya mkwati amene sindikumudziwa. Aliyense akuti, "Tidzabwera Loweruka mmawa, tidzangosiya pakhomo." Mmalawi sasiya chinthu pakhomo. Amalowa, amavula jekete, amafunsa ngati mvula yayamba kumudzi.

Lachinayi, 23 Disembala

Ndagula mazira ena. Pa wailesi akuti mwina Loweruka kugwa chipale chofewa, misewu itsekedwa. Ndapemphera kuti chigwe chambiri. Mulungu andikhululukire.

Ndadandaulira Yamikani pafoni. Wandiyankha m'Chingerezi chake chija kuti ndingowauza kuti ayi. Ayi! Mwana wakulira kuno uyu, sadziwa kuti amene umamukana lero ndi amene adzamuphikire phala akadzadwala ine kulibe.

Lachisanu, 24 Disembala

Kumwamba kuli mbee. Kukuzizira kwaulere.

Ena aona kuti asadikire mawa. Tebulo ladzaza ndi mapaselo, bambo akuti tidzadyera pamaondo. Yamikani wafika madzulo, wawonda, tsitsi ngati chisa cha atimba. Ndisanamufunse kalikonse wagona pampando, mutu pa majekete a ku Chipata.

Loweruka, 25 Disembala

Belu lalira ndisanaswe dzira ngakhale limodzi. Alendo ndasiya kuwawerenga nsapato zitafika pakhomo la kubafa. Mkulu wa mpingo wapempherera ulendo wathu, ndege, woyendetsa ndege, ndi msewu wonse wa ku Mchinji, mpaka masoseji aziziratu.

Ambiri alibe galimoto, ndipo kuno ku Fairfax basi ya pa Khirisimasi ndi yosowa. Yamikani wasanduka dalaivala: kukatenga awa kusiteshoni, kukasiya awo. Tsiku lonse ndamuona msana wokha, akutuluka makiyi ali kumanja. Tiyi wa ku Thyolo watha iye asanalaweko.

Ndalira pang'ono kukhitchini. Mayi Tembo andipeza, andisisita paphewa. "Osalila amake Yami, mwana tizamusunga." Kenako andikumbutsa kuti mphika uja ndiukulunge ndi zovala, ungaphwanyike.

Lamlungu, 26 Disembala

Nyumba ili zii. Mandasi atsala atatu, olimba ngati miyala.

Tikuyeza masutikesi pa sikelo ya kubafa. Yamikani amakwera atanyamula sutikesi, ine ndiwerenga. Amaitsitsa, akwera yekha, ndichotsera. Madiresi anga akutsala kuti suti ya mkwati ikwane. Zatero basi, ndani angalimbane nazo.

Atakwera yekha komaliza ndachedwa kuwerenga. Ndangomuyang'ana, kuyambira kuzala zakuphazi mpaka kutsitsi lija.

"Amayi, mwawerenga?" M'Chichewa, lero lokha.

Ndati magalasi achita nkhungu, ayambe waima pomwepo.

Katundu wa aliyense wapeza malo. Wanga ndi amene sakukwera ndege.