Ukazitape Wanga wa ku Malindi

Malemu amuna anga anagwira upolisi mpaka kupuma, koma ankati wapolisi weniweni m'nyumba mwathu ndinali ine. Tsiku lina atandipeza ndikununkhiza shuga amene aneba anatigawira, anandichenjeza kuti, "Mayi, inu mudzafufuza, mudzafufuza, mpaka tsiku lina wogwidwa mudzakhala inu nomwe." Ndinawauza kuti amwe tiyi wawo mwakachetechete. Chaka chino ndagwidwa, ndipo ndikamalemba pano makutu akunditentha.

Ndiyambire pa nyimbo, chifukwa ndi zimene zinandigwetsa. Kuno ku Mangochi aliyense wapenga ndi woimba wina wodzitcha Mista Ndolo. Akabaza, okazinga chipisi, ngakhale amayi a mvano amene ndinkawaona ngati anthu olongosoka, onse ali naye m'mafoni. Ine ndekha ndimanena zoona: mnyamatayo saimba, amamuimbira ndi makina. Woimba weniweni ndi Che Wadi, nkhalamba ya pa depoti, ya gitala la chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Iwo aja akaimba umakumbukira abale ako onse amene anatisiya, koma pa wailesi sawaika. Nyimbo za Mista Ndolo ndinkazimvetsera mpaka kumapeto, mawu ndi mawu, kuti pokangana ndi anthu ndizikhala ndi umboni. Nkhope yake yokha sindinkaidziwa. (Kanema ndilibe, ndipo foni yanga ndi ya mabatani. Zopalasa ndi chalazi zimamvetsera zimene munthu ukulankhula.)

Ndiye kunabwera nkhani ya Tamanda, mdzukulu wanga amene ndamulera chimwalirireni mayi ake. Anabwera ndi mnyamata wa ku Malindi, dzina lake Metusela, kuti akufuna banja. Mnyamatayo anagwada bwinobwino, shati ya manja aatali, mawu apansipansi. Nditafunsa za ntchito, Tamanda ndi amene analumphira kuyankha.

"Amachita bizinesi ku Blantyre, agogo."

"Ya chiyani?"

"Zosiyanasiyana."

Pamenepo ndinali nditaona kale kabowo pa khutu la mnyamatayo. Bizinesi yopanda dzina, khutu loboola: ndinati basi, uyu amagulitsa chamba. Ankhoswe anakumana mpaka kugwirizana tsiku la chinkhoswe, koma nkhoswe yathu ndi mlongo wanga a Gilibati, munthu woti mukamupatsa chakumwa chozizira amavomera chilichonse. Kale makolo ankatuma munthu mwachinsinsi kukafufuza mbiri ya banja limene mwana akukalowako. Ine ndinaganizira onse amene ndikanawatuma, ndipo ndinapeza kuti wokhulupirika ndi mmodzi yekha. Ndinadzituma.

Ndinavala chitenje chosuluka, duku mpaka m'zikope, ndi kunyamula beseni ngati wokagula usipa. Nzeru yanga inali yoti ndisafunse nyumba ya kwa Metusela, ndiyambire kwa anthu ena a m'mudzimo, chifukwa zoipa za munthu amasunga ndi aneba. Nditatsika galimoto ku Malindi ndinayenda pang'ono, ndipo ndinaona mayi wina pakhonde akupalasa makina osokera, nsalu yokongola ili pamiyendo, kawailesi kali pambali. Telala amadziwa za mudzi wonse. Ndinaodira ndi kupempha madzi akumwa.

"Fikani, amama, khalani pa mpandopo," anatero. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ine nkumati duku langa lagwira ntchito.

Mwatsoka, pa wailesi panali Mista Ndolo. Ndiye ine ndili ndi njira yanga yomasulira anthu pakamwa: mukanyoza chinthu limodzi, chibwenzi chimayamba msanga.

"Inunso mumamvera zimenezi?" ndinayamba.

"Zangobwera pa wailesi. Simuzikonda?"

"Ndikonde chiyani? Uyu akulira ngati mbuzi yokodwa pachingwe. Amuzimitsire magetsi muone ngati angamalize ngakhale nyimbo ya Sande sukulu."

"Eti? Nanga woimba bwino ndani, amama?"

"Che Wadi a pa depoti ku boma."

"Aja amaimba nyimbo imodzi yomweyo chaka chonse aja?"

"Imodzi, koma ya nzeru."

Mayiyo anaseka, nalowa m'nyumba, nabwera ndi tiyi ndi zitumbuwa. Ndinadya. (Ine amene ngakhale pa maliro ndimapita ndi chakudya changa m'chikwama.) Ndinaona kuti nsomba yalowa mu ukonde, ndiye ndinawonjezera moto. Ndinati anthu akutamanda mnyamatayo chifukwa makutu awo anaonongeka ndi zigayo. Ndinati mwamuna wovala ndolo ndiye kuti kwawo kunalibe womulangiza, ndipo mayi ake, ngati ali moyo, ayenera kuti amayenda chozolika.

"Pitirizani, amama," anatero, makina ali gwedegwede.

Ndinapitiriza. Ndinati mtsikana amene angavomere kukwatiwa ndi chinthu chotere ndi wosaleredwa, ndipo amene anamulera akafunsidwe mafunso. Nditaona kuti tagwirizana mokwanira, ndinasendeza mpando ndi kutsitsa mawu.

"Pepani asisi, ndingofunsako. M'mudzi muno muli mnyamata wina, dzina lake Metusela. Kwawo ndi anthu otani?"

Makina anaima. Mayiyo anadula ulusi ndi mano, natsitsa wailesi.

"Metusela ndi amene mwamutcha mbuziyu. Amene anabereka mbuziyo ndine. Nsalu ndikusokayi ndi diresi la Tamanda la pa chinkhoswe. Malizani tiyi, agogo a Tamanda, angazizire."

Anali atandizindikira ndisanakhale ndi pansi pomwe. Tamanda anawaonetsa chithunzi changa kalekale, ndipo akuti duku silibisa mphuno. Ndinayesa kunena kuti ndimaseka chabe, koma mayiyo anangopinda diresi lija, dzanja limodzi lisanalumikizidwe, naliika m'thumba la pulasitiki, namanga pakamwa. Beseni langa ndinaliiwala pomwepo.

Pofika kunyumba uthenga unali utanditsogolera. A kuchimuna anati chinkhoswe chiyambe chaima kufikira a kuchikazi atanena ngati akufunadi mwana wa mbuzi. Tamanda ndinamupeza atakhala pansi kukhitchini, maso ali psuu.

"Bwanji sunandiuze kuti ndi iyeyo?" ndinafunsa, kufuna kuti mlandu tigawane.

"Ndikanakuuzani liti, agogo? Tsiku lililonse mumamutukwana akamveka pa wailesi. Ndolo ija ndinamuvula ndine pa geti." Kenako anati, "Ndiye ndine wosaleredwa eti? Anandilera ndani?"

Mwana amene ndinamutafunira mbatata ali khanda anasiya kudya nane mbale imodzi. Ndinaona kuti banja lake likutha lisanayambe, ndipo wolipasula si mfiti kapena mkazi wina ayi, koma ine ndi beseni langa.

Panalibe kuchitira mwina koma nkhuku yopepesera. Tinabwerera ku Malindi ndi a Gilibati, iwo atavala jekete, ine nditakumbatira thadzi limene linandiipitsira chitenje m'galimoto. Njira yonse a Gilibati ankangomwetulira. Moyo wawo wonse akhala akudikira tsiku loti wolakwa ndikhale ine.

Ndinagwada pakhonde lomwe lija, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, ndi kunena kuti pakamwa panga panandithawa. Mayi a Metusela anandisiya chigwadire mpaka mawondo anayamba kulira. Kenako anauza azibambo kuti akaone pomangirira nkhuku kuseri. Titatsala awiri anandiweramira.

"Asewere, dzukani. Ndikuuzeni chinthu, koma chithere pompano. Nyimbo za Metuselazo nanenso sindizikonda. Mwanayu ankaimba bwino mu kwaya ya tchalitchi, mawu ngati belu, pano akungofwenthera m'makina. Koma wonena zimenezo ndine, amene ndinamva kupweteka pomubereka. Osati munthu wobwera ndi beseni."

Ndinati ndamva. Anatulutsa diresi lija m'thumba naliyala pa makina, koma anati chilango chilipo: pa chinkhoswe, woyamba kulowa m'bwalo kuvina ndi kufupa ndidzakhala ine, ndekha, pa nyimbo ya mwana wawo. Ndinapempha kuti mwina tiitane Che Wadi adzaimbeko imodzi. Anandiyang'ana, ndipo ndinabweza pempholo.

Tsikulo linafika. Woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Agogo a mkwatibwi, bwalo ndi lanu!" Ndinalowa ndi cholinga chongosuntha mapazi pang'ono, nkhope ili gwa, kuti anthu aone kuti ndikukakamizidwa. Koma paja nyimbo zija ndinaziphunzira ngati wokalemba mayeso. Pofika pakati ndinangomva anthu akululutira, ndipo nditadzifufuza ndinapeza kuti pakamwa panga pakuimba, mawu onse, ngakhale aja othamanga amene achinyamata amangong'ung'udza. Chiuno nachonso chinali chitayamba zake. Metusela ananditsatira m'bwalo, ndolo ili ng'aning'ani, nagwada nkundilozetsa maikolofoni. Ndinamaliza nyimbo yonse. Tamanda anaseka mpaka kulira, ndipo madzulo ake tinadyera mbale imodzi.

Ukwati unachitika, ana ali ku Blantyre. Koma mafoni opalasa aja anandijambula, ndipo akuti ndafika mpaka ku Makanjira ndi ku Namwera. Kumsika akabaza akandiona amayamba kuimba. Amayi a mvano amanditcha agogo a Ndolo. Pa depoti ndinasiya kudutsa, chifukwa Che Wadi anandiyang'ana tsiku lina ngati ndawagulitsa.

Maganizo anga sanasinthe: mkamwini wangayo amamutamanda mopitirira muyeso. Koma masiku ano ndikumakhala ndekha m'nyumba, ndipo m'mawa uno ndadzigwira ndikusesa pabwalo motsatira ng'oma ya nyimbo ija. Ndikukayikira tiyi wa ku Malindi uja. Choncho mukamadutsa kuno kwa Mpondasi, tapatukani mudzandizonde. Mugogode mwamphamvu ndipo mudikire kaye panja, kuti ndipeze mpata wotseka wailesi.